Chaka Chimene Amayi Rosaria Anabweza Alendo

Bambo mfumu atandipempha kuti ndilembe za moyo wa Amayi Rosaria Miti m'kalata ya parishi ya mwezi uno, anandichenjeza kuti ndisachulutse mawu. Amandidziwa. Koma munthu amene ndinakhala naye moyandikana zaka zoposa makumi awiri kuno ku Bundabunda, mpanda wathu umodzi, nkhuku zathu zosadziwa kwawo, sindingamulembe ngati chilengezo cha msonkhano. Mundikhululukire, ndipo amene muli ndi changu muwerenge mawa.

Amayi Rosaria anabadwira m'mudzi wina wa ku Katete, dziko lathu lisanalandire ufulu, m'banja la a Chulu. Anali oyamba kubadwa. Adakali kamtsikana, mayi awo anadwala chifuwa chachikulu ndipo anagona nthawi yaitali. Poyamba anthu ankabwera kudzawaona, kenaka anayamba kuchepa, mpaka m'nyumbamo munatsala wodwalayo ndi ana ake. Kamtsikanako kanasiya sukulu, nkumatunga madzi, kuphika phala ndi kulera ang'ono ake. Mayiwo anamwalira mvula isanagwe. Zimenezi Amayi Rosaria sankazikamba kawirikawiri, koma akazikamba ankamaliza ndi mawu omwewo: "Munthu akadwala, chimene chimuwawa maningi si thupi. Ni kumva mapazi ya banthu yapitilila pa njira."

Atakula anakwatiwa ndi a Fabiano Miti a m'mudzi woyandikana nawo, mnyamata wa njinga yopanda mabuleki ndi pakamwa popandanso mabuleki. Ukwati unadalitsidwa mu tchalitchi, ndipo posakhalitsa anasamukira kudera lino. A Fabiano anapeza ntchito yokama ng'ombe pa famu ina kufupi ndi ku Kasisi, ndipo patapita zaka eni nthaka anawapatsa munda ku Bundabunda. Mulungu anawapatsa ana, wamkulu dzina lake Prince, koma awiri anawatenganso adakali aang'ono. A Fabiano anali munthu wabwino, wolimbika kumunda, koma wodandaula pa chilichonse: mvula ikagwa yachuluka, ikaleka yachepa, ndiwo zikabwera mchere suli bwino. Akazi awo ankangoseka nkupitiriza ntchito yawo.

Ntchito imene timawadziwa nayo tonse inali yoyendera odwala. M'zaka zija za m'ma 1990, pamene matenda aja anatha achinyamata athu ndipo ngakhale abale ankaopa kugwira kapu ya wodwala, Amayi Rosaria ankalowa m'nyumba zimene ena ankazilambalala. Ankasambitsa, ankachapa zofunda, ankadyetsa ndi dzanja lawo. Ndikulemba zimenezi kuti wina asadzaganize kuti anali munthu wamantha. Ine ndinawaonapo atanyamula mwana wa eni ake, mnyamata wamtali, ali mafupa okhaokha, kumutulutsa panja kuti aothere dzuwa.

Ndi iwo amene anaphunzitsa amayi a mphakati wathu wa Anna Woyera kachitidwe kathu ka Lachinayi. Sitinkapita mmodzimmodzi. Tinkapita gulu, titanyamula nkhuni, ufa ndi thobwa, tikuimba kuyambira panjira kuti wodwala atimve tikubwera. Tikafika tinkalowa tonse, nkukhala pansi momuzungulira, aliyense nkumupatsa moni wa m'manja, kenaka mapemphero ndi nyimbo mpaka kachipindako katenthe. Wina akaima pakhomo, Amayi Rosaria ankamukoka chitenje. "Lowani, imwe. Wodwala sitimuonela pa windo."

Kovidi atayamba kumveka mu 2020, ambiri a ife tinkati ndi matenda a ku Lusaka ndi a anthu okwera ndege. Tchalitchi chinatsekedwa kwa kanthawi, tinasoka timasiki ta chitenje, koma timasikito tinkakhala kwambiri pachibwano. Maso athu anatseguka kumayambiriro kwa chaka chotsatira. M'mudzi wina pafupi nafe munagwa maliro, ndipo amayi anagona m'nyumba ya maliro monga mwa mwambo, mazenera otseka chifukwa cha mvula, akuimba ndi kulira. Amayi Rosaria sanapite chifukwa mwendo unali utawatupa. Posakhalitsa amayi angapo amene anagonako anadwala, ndipo Amayi Mwaanga, mnzawo wapamtima amene ankakhala nawo benchi limodzi mu tchalitchi, anamwalira.

Mwendo utapola anapita ku kachipatala kathu kukaonana ndi namwino, a Clarissa, ndipo ine ndinawaperekeza.

"Ba nasi, niuzeniko bwinobwino," anatero. "Aya matenda yayenda bwanji?"

A Clarissa anafotokoza kuti amayenda ndi mpweya wa munthu, akamakhosomola, akamalankhula, makamaka akamaimba m'chipinda chotseka, ndiponso kuti munthu angathe kuwanyamula iye osadzimva kudwala.

Amayi Rosaria anayang'ana m'manja mwawo. "Manje ngati ni so, yayenda na ise bamene tilowa mu manyumba ya odwala."

"Ni so, amai," anayankha namwinoyo.

Katemera atafika anali m'gulu la oyamba kubaitsa. A Fabiano anakana kwamtuwagalu. "Ine nyeleti ya bazungu sinifuna," anatero. "Magazi yanga ni ya ku Katete."

Mu Julaye, kukuzizira kwambiri, a Fabiano anakwera minibasi yodzaza kupita ku Chongwe kukagulitsa soya. Sabata isanathe anayamba kutentha thupi ndi kukhosomola, ndipo chakudya chonse ankati chikumveka ngati dothi. A Clarissa anawayeza nkupeza kuti ndi Kovidi. Nthawi imeneyo zipatala zinali zodzaza, choncho namwinoyo anati asamalidwe kunyumba, koma kupuma kukavuta kwambiri aitanidwe msanga.

Lachinayi tinanyamuka monga mwa masiku onse, tikuimba, Amayi Ednah amene anali apampando athu ali patsogolo. Titafika tinapeza chingwe choyanikira zovala chitamangidwa kuchokera pa mtengo wa mango mpaka pa nkhokwe, chitadula njira yolowera. Kuseri kwake, chapatali, kunaima Amayi Rosaria atavala masiki mpaka pamphuno. Nyimbo inatithera pakamwa.

"Ba Rosaria, ni chani ichi?" anafunsa Amayi Ednah. "Mwamangila mbuzi olo mwamangila ise?"

"Namangila imwe. Atate ake Prince badwala Kovidi. Palibe azalowa."

"Si ndimwe munatiphunzisa ati wodwala sitimuonela pa windo?"

"Ndine. Lelo nikuphunzisani vina. Bwelelani, bamai banga, mukanipemphelele ku manyumba kwanu."

Zinatiwawa, ndinene zoona. Kwathu kubwezedwa pakhomo la wodwala ndi kutukwanidwa. Amayi Ednah anatula nkhuni zawo pansi mwamphamvu, nkutembenuka osatsanzika, ndipo enafe tinawatsatira tili ndi mabotolo athu a thobwa m'manja.

Koma chovuta chenicheni chinali chikubwera. Prince, mwana wawo wamkulu amene amagwira ntchito ku Lusaka, anaimbira foni ku Katete kudziwitsa abale a bambo ake. Amayi Lister, mlongo wawo wa a Fabiano, anakwera basi tsiku lotsatira. Anzathu amene simuli a kum'mawa mumvetse apa. Kwathu mwamuna, ngakhale akalambire kwa mkazi wake, amakhalabe wa kwawo. A Fabiano ndiwo anali mwini mbumba, woyang'anira Amayi Lister ndi ana awo. Mwamuna akadwala kwambiri, mlongo wake ayenera kumuona, kumugwira ndi kumva mawu ake. Mkazi amene angatsekereze alamu ake, mwamunayo nkumwalira, ndiye kuti wadziputira mlandu umene sutha: amanenedwa kuti anabisa kanthu, ndipo dzina limenelo amalowa nalo m'manda. Amayi Rosaria ankazidziwa zimenezi kuposa ine.

Amayi Lister anafika masana, atasenza chikwama, fumbi lili mpaka m'mawondo. Ndinaona zonse ndili pampanda wanga. Anaima pa chingwe nkuchiyang'ana, kenaka anayang'ana alamu awo.

"Mlamu, masulani ichi."

Amayi Rosaria anagwada pansi komweko, kuseri kwa chingwe, nkuomba m'manja mwaulemu. "Mwafika bwino, alamu. Pepani na ulendo. Koma imwe muli na shuga, muli na bipi. Mukalowa umu nizaika maliro yabili. Bwelani ku windo uko, muimilile patali, muzabaona."

"Pa windo? Ine? Nachoka ku Katete kubwera kudzasuzumira mlongo wanga ngati wakuba?"

"Nipepesa, alamu."

"Mverani, Rosaria. Fabiano akafa ine osamugwira dzanja, mudzaniuza bwino chimene mwabisa m'nyumbamo. Mudzayankha pamaso pa abale onse."

"Nizayankha," anatero Amayi Rosaria, akadali chigwadire.

Mlendoyo sakanagona panja, choncho ndinamutengera kwanga. Masiku otsatirawo anali olemera. Amayi Lister sankadya bwino, ankangokhala pakhonde langa maso ali kunyumba ya alongo awo. M'mudzi nkhani zinayamba kuuluka. Ena ankati a Fabiano anamwalira kale ndipo mkazi akubisa, ena ankati akufuna munda ndi ng'ombe zitsale m'manja mwake. Anthu omwewo amene amayi awo anasambitsidwa ndi manja a Amayi Rosaria! Ine zinandikwiyitsa, ndipo wina ndinamuyankha pachitsime mawu amene sindingalembe m'kalata ya parishi. Nditawauza eni akewo, anangoti, "Basiyeni. Bakamba chifukwa bali moyo."

M'mawa uliwonse ankabwera pafupi ndi mpanda, nkuima patali, nkufotokoza mokweza momwe wodwala wagonera, ngakhale Amayi Lister ankawafulatira. Zonse zimene namwino anawauza ankazitsata ngati malamulo a Mulungu. Mazenera anali otsegula ngakhale kunkazizira. A Fabiano anali ndi kapu, mbale ndi supuni zawozawo. Polowa m'chipinda Amayi Rosaria ankavala masiki, potuluka ankasamba m'manja ndi sopo, ndipo iwo ankagona m'khitchini pa mphasa. Ankawatembenuza amuna awo kuti agone chafufumimba, nkumawamwetsa madzi ndi phala pang'onopang'ono. Zonsezi ankachita okha, mayi wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi awiri.

Si tonse amene tinakhalabe okwiya. Amayi ena anayamba kusiya nkhuni ndi zidebe za madzi pa chingwe paja. Lachinayi lotsatira tinaima panjira motalikirana, nkuimba kuchokera pomwepo kuti wodwala atimve. Amayi Ednah sanabwere.

Tsiku loipitsitsa linali Loweruka masana. Chifuwa cha a Fabiano chinamveka mpaka kwanga, chosalekeza, kenaka zii. Amayi Lister anadzuka nkuthamanga, ine pambuyo pawo. Atafika pa chingwe anachikweza kuti adutse pansi, koma Amayi Rosaria anatuluka m'nyumba nkuima pakati pa njira, manja atatambasula.

"Bapuma, alamu, bakali kupuma. Naitana ba nasi."

"Chokani!"

"Nitukwaneni, olo mutenge mwala munitheme. Koma simuzalowa."

Amayi Lister anakhala pansi m'fumbi nkuyamba kulira, akutchula dzina la mlongo wawo. Ndinawagwira, ndipo nanenso ndinkalira. Namwino anafika pa njinga yamoto, nayeza wodwalayo ndi kachipangizo kapachala, nanena kuti mpweya wa m'magazi ukatsikanso pang'ono chabe aitana ambulansi, bedi likapezeke kapena lisapezeke. Patapita nthawi Amayi Rosaria anandiuza kuti tsiku limenelo anatsala pang'ono kumasula chingwecho, chifukwa anaona kuti mwina akumana munthu mwayi wotsanzikana ndi mlongo wake. Anagwada kuseri kwa khitchini nati, "Ambuye, ngati nalakwa, mlandu ukhale wanga. Koma mlamu wanga musamutenge."

Lamulungu zinali chimodzimodzi, Lolemba chifuwa chinachepako. Ndiye m'mawa wina, ine ndi mlendo wanga tikumwa tiyi pakhonde, tinamva mawu kuchokera pazenera lija, ofooka koma odziwika bwino.

"Rosaria! Iwe Rosaria! Uyu mchele waika mu phala ni wa nyumba zingati?"

Amayi Lister anaika kapu pansi. Tinayang'anana. Munthu amene chilichonse ankati ndi dothi wamva mchere, ndipo wapeza mphamvu zodandaulira. Amayi Rosaria anatuluka m'khitchini ali ndi chikombe m'manja, akuseka ndi kulira nthawi imodzi. "Mwamvela? Badandaula! Alamu, badandaula!" Pa zaka zonse za ukwati wawo, sindikhulupirira kuti dandaulo la bambo amenewa linalandiridwapo ndi nthungululu, koma tsiku limenelo ine ndinaliza, ndipo amayi a nyumba zapafupi anatuluka kudzafunsa ngati kwabadwa mwana. Mtima wanga unatsika pansi. Ndi pamene ndinazindikira kuti masiku onsewo nanenso sindinkapuma bwino.

Ngakhale zinatero, chingwe sichinamasulidwe mpaka namwino atalola. Tsikulo Amayi Rosaria anachimasula okha, nkuika beseni, jagi ya madzi ndi sopo panjira. Amayi Lister anasamba m'manja, nalowa. Anapeza alongo awo atakhala pampando padzuwa, ataonda mpaka kolala ya malaya ili lende. Anawagwira manja onse awiri nthawi yaitali. Kenaka anatembenuka nkuona alamu awo ataima ndi tsache, maso atalowa, manja atang'ambikang'ambika ndi sopo ndi madzi ozizira. Sanapepese, pakuti Amayi Lister si munthu wopepesa. Anangowalanda tsachelo nkunena kuti, "Kagoneni, mlamu." Amayi Rosaria anagona mpaka dzuwa kupendeka.

Palibe ndi mmodzi yemwe wa mphakati wathu amene anatenga matenda panyumba imeneyo. Amayi Lister anabaitsa katemera asanabwerere ku Katete. A Fabiano nawonso anapita nthawi yawo itakwana, ndipo anadandaula za mkono sabata yathunthu.

Musaganize kuti onse anawayamika. Amayi Ednah anakhala miyezi osawapatsa moni, ponena kuti anachititsidwa manyazi pamaso pa gulu. Amayi Rosaria sanadziteteze ndipo sanakumbutse aliyense kuti anali olondola. Amayi Ednah atathyoka mwendo kumunda chaka chotsatira, woyamba kufika ndi nkhuni pamutu anali iwo, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo. Maulendo a Lachinayi atayambiranso, anatisinthira kachitidwe. Timafunsa kaye kuti wodwala akudwala chiyani. Timasamba m'manja ndi sopo polowa ndi potuluka, timatsegula mazenera, ndipo amene ali ndi chimfine amatsala kunyumba nkupemphera komweko. Wina akanyinyirika kuti zimenezi n'zachizungu, ankamuyankha kuti, "Tipita kukasiya pemphelo, osati chifuba."

Chaka chathachi mphamvu zawo zinayamba kuchepa. Miyendo inkatupa, ndipo a dokotala anati ndi mtima. Sanadandaule. Ankabwerabe ku Misa, akupuma kawiri katatu panjira, ndipo atalephera kuyenda ankatituma ife nkumatifunsa tikabwera kuti wodwala uja wadya chiyani. Itapita Pasaka anapempha bambo mfumu kuti abwere, nalandira masakramenti ali ndi nzeru zawo zonse. Anamwalira masana, ali pa mphasa pakhonde lawo, ife tikusenda mtedza pabwalo, a Fabiano atakhala pambali pawo. Tinkaganiza kuti akuwodzera. Amuna awo ndiwo anatiitana ndi mawu apansipansi, ndipo ulendo umenewu sanadandaule kanthu.

Chitsanzo chimene atisiyira ine ndimachiona chonchi. Kulowa m'nyumba imene anthu akuiopa n'kovuta, koma amene walowa amatamandidwa. Kuima pakhomo nkubweza anthu amene umawakonda, iwo akukunena, mwamuna wako ali pakati pa moyo ndi imfa, kulibe amene amakuombera m'manja. Amayi Rosaria anachita zonse ziwiri, ndipo chifukwa chake chinali chimodzi.

Kumanda, itafika nthawi yoti a kuchimuna alankhule, anaimirira Amayi Lister, atatsamira ndodo.

"Ine sinidziwa kukamba zambiri," anatero. "Uyu mwagoneka apa ananibweza pakhomo la mlongo wanga. Ninamutukwana, ninamulonjeza mlandu pamaso pa abale. Abale ndinu muli pano, ndiye mlanduwo niukambe lero." Anayang'ana bokosi. "Mlongo wanga uyo wakhala apo. Ine ndine nayimirira pano, na shuga yanga. Mlamu, mwayankha."

Ambuye awalandire mdzakazi wawo Rosaria, ndipo awatsegulire khomo.